Chikasu mwa ana: mafunso amene makolo amafunsa, ndi mayankho ake

Mafunso ali pansipa ndi amene ndakhala ndikufunsidwa m'chipinda cha ana akhanda, kusikelo, ngakhalenso kumudzi anthu akadziwa kuti ndine namwino. Ambiri akukhudza makanda, chifukwa ndi kumene chikasu chimachuluka, ndiponso ndi kumene kuchedwa kwa tsiku limodzi lokha kumasintha moyo wonse wa mwana. Za ana okulirapo zili chakumapeto.

Kodi chikasu ndi matenda anji?

Chikasu pachokha ndi chizindikiro, monga mmene kutentha thupi kulili. Chimatiuza kuti m'magazi mwachuluka utoto wachikasu umene achipatala amautchula kuti bilirubin.

Utoto umenewu tonse tili nawo. Maselo ofiira a m'magazi amakalamba n'kufa. Mwa munthu wamkulu selo limodzi limakhala masiku pafupifupi 120. Akafa thupi limawaphwanya, ndipo mwa zotsala zake muli bilirubin. Ntchito yomuchotsa ndi ya chiwindi. Chimamutola m'magazi, n'kumusintha kuti athe kusungunuka m'madzi, kenako n'kumuthira mu ndulu. Ndulu imatsika ndi timipaipi ting'onoting'ono kukafika m'matumbo, ndipo utoto uja umatuluka ndi chimbudzi. Mtundu umene chimbudzi chimakhala nawo umachokera pamenepa. Mfundo imeneyi muisunge, tidzaifuna kutsogoloku.

Ndiye mwana akachita chikasu, pali malo atatu amene timakayikira. Mwina maselo ofiira akufa ambiri nthawi imodzi moti chiwindi chikulephera kumaliza ntchito. Mwina chiwindicho n'chosakhwima kapena chadwala. Mwinanso njira ya ndulu yatsekeka, ngati ngalande yodzala zinyalala, madzi n'kumabwerera m'mbuyo. Thandizo limasiyana kutalitali malinga ndi pamene pavuta, n'chifukwa chake palibe mankhwala amodzi otchedwa "mankhwala a chikasu".

N'chifukwa chiyani makanda ambiri amachita chikasu?

Mwa ana 10 obadwa masiku atakwana, pafupifupi 6 amaonetsa chikasu m'sabata yoyamba. Mwa obadwa masiku asanakwane, ndi 8 mwa 10. Mwana amabadwa ndi maselo ofiira ochuluka, ndipo maselo akewo sakhalitsa ngati a wamkulu. Amafa pakati pa masiku 70 ndi 90. Ali m'mimba, chiwindi cha mayi ake ndi chimene chinkamuchotsera utoto uja. Mchombo ukangodulidwa, ntchito yonse imagwera kachiwindi kake kamene sikanazolowere.

Chikasu cha mtundu umenewu chimaoneka tsiku lachiwiri kapena lachitatu, chimafika pachimake pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu, kenako n'kuyamba kuzilala. Pomakwana masiku 14 chimakhala chitatha. Mwanayo amayamwa bwino, amalira mwamphamvu, satentha thupi. Ana ambiri amadutsa momwemu osafuna thandizo lina lililonse kupatula bere.

Vuto ndi loti chikasu choopsa ndi chikasu chosaopsa zimayamba mofanana. Ndipo taonani masiku amene chimafika pachimake: nthawi imeneyo mayi anatuluka kale kuchipatala, ali kunyumba.

Mwana wathu ndi wakuda khungu. Tingachione bwanji?

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ana ambiri amene ndinawaona atachedwa, anachedwa chifukwa panalibe amene anawayang'ana powala.

Kwathu kuno mayi akabereka amakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa. Mwana amakhala m'nyumba, mawindo otseka, atavekedwa chipewa ndi masokosi, atakulungidwa m'shawelo moti chimene chimaoneka ndi kamphuno kokha. Mwambo wosunga mwana pofunda ndi kumuteteza kwa anthu ambiri ndi wabwino, sindikuunyoza. Koma m'nyumba ya mdima chikasu sichioneka, ndipo tochi ya foni, kandulo kapena babu zimanamiza maso.

Choncho m'mawa uliwonse m'masabata awiri oyambirira, pitani naye pakhomo kapena pawindo lotsegula pamene pali kuwala kwa masana. Si kuti mutuluke naye pabwalo. Mumuvule kwa mphindi imodzi. Dinikizani chala chanu pamphumi kapena pansonga ya mphuno, mwachifatse, n'kuchotsa. Pamalo pamene mwadinikizapo pamayera kwakanthawi magazi asanabwerere. Ngati m'malo moyera pakuoneka chikasu, ndiye chilipo. Chitani chimodzimodzi pachifuwa, pamimba, pantchafu, m'zikhatho ndi pansi pa mapazi. Akatsegula maso yang'anani poyera pa diso, ndipo akamalira yang'anani nkhama zake.

Chikasu cha khanda chimayambira kumutu n'kumatsika. Chikakhala kunkhope kokha, nthawi zambiri bilirubin amakhala asanachuluke kwambiri. Chikapitirira mchombo, wachuluka. Chikafika m'zikhatho ndi pansi pa mapazi, mwana ameneyo asagone pakhomo usiku umenewo. Komabe maso amaphonya, makamaka pa khungu lakuda, ngakhale maso a ife achipatala. Mukakayika, bwerani tidzayeze.

Tithamangire kuchipatala pakachitika zotani?

Chikasu chilichonse chooneka mwana asanakwanitse maola 24, ngakhale chitakhala chochepa bwanji, n'choopsa. Chimodzimodzi chikasu cha m'zikhatho ndi pansi pa mapazi pa msinkhu uliwonse. Malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amene azaumoyo amatsatira amaika ziwirizi m'gulu lofunika kutumiza mwana kuchipatala chachikulu nthawi yomweyo.

Thamanganinso ngati mwana wachikasuyo akukana bere kapena akuyamwa mofooka, akungogona osadzuka ngakhale mumugwedeze, watentha thupi kapena wazizira, walobodoka, akupuma mothamanga, akukomoka, kapena pamchombo pafiira n'kumatuluka mafinya. Mwana wobadwa masiku asanakwane kapena wosakwana makilogalamu 2.5, chikasu chake chisadikiridwe kuti chitsike mpaka kumapazi. Ubongo wake umavulala bilirubin asanakwere kwenikweni. Ndipo chikasu chopitirira masiku 14, kapena masiku 21 kwa wobadwa masiku asanakwane, chimafunika kufufuzidwa ngakhale mwana akuoneka wathanzi.

Kodi chikasu chingamuchite chiyani mwana? Si khungu lokha?

Bilirubin akachulukitsa amadutsa m'magazi n'kulowa muubongo, ndipo amawononga makamaka zigawo zoyendetsa minofu ndi zothandiza kumva. Achipatala amati kernicterus. Zikachitika sizibwerera.

Sindidzaiwala mwana wina wamwamuna amene anabwera naye pa kabaza tsiku lake lachisanu ndi chimodzi. Mayi ake anali mtsikana, mwana woyamba, ndipo anabwera ndi apongozi awo. Nditamasula shawelo, mapazi ake anali ngati apakidwa utoto. Mutu unali utagwera kumbuyo, msana utapindika ngati uta, timanja titakunga zibakera, ndipo kulira kwake kunali kosongoka, kobaya m'khutu. Ndinafunsa kuti, "Agogo, mwanayu wayamba liti kukana bere?" Iwo anati, "Dzana, anamwino. Koma chibadwire sanativutitsepo. Timati tapeza mwana wofatsa, amangogona." Mawu amenewa amandipweteka mpaka lero, chifukwa agogo aja ankamukonda mdzukulu wawo ndipo anachita zonse zimene ankadziwa. Panalibe amene anawauza kuti khanda logona kwambiri, losadzuka kufuna bere, si lofatsa ayi. Mwana uja anachira, anatuluka. Atakwana chaka anali asanakhale pansi, ndipo sankatembenuka mayi ake akamuitana.

Ana opulumuka pamenepa ambiri amakhala ndi vuto la kuuma kapena kupotokola kwa manja ndi miyendo, kusamva, kulephera kuyang'ana m'mwamba, ndi mano othimbirira. Nzeru nthawi zambiri zimakhalamo, koma thupi limakana kumvera. Chimene chimandiwawa n'chakuti kulumala kumeneku n'kopeweka ndi kuwala kwa nyali zapadera za buluu za kuchipatala kwa masiku awiri kapena atatu.

Nanga chimene chimachititsa chikasu choopsacho n'chiyani?

Choyamba ndi kusagwirizana kwa magazi a mayi ndi a mwana. Mayi wa gulu la O akabereka mwana wa gulu la A kapena B, asilikali a m'thupi mwa mayi amatha kudutsa kupita kwa mwana n'kuyamba kuphwanya maselo ake ofiira. Zimenezi zimachitika ngakhale pa mimba yoyamba. Kusagwirizana kwina ndi kwa gulu la magazi la Rhesus: mayi ndi Rhesus negative, mwana ndi Rhesus positive (izi si za HIV ayi). Kumeneku kawirikawiri mwana woyamba amapulumuka, koma thupi la mayi limasunga mkwiyo, ndipo ana otsatira ndi amene amavutika, wina aliyense kuposa mnzake. Pali jekeseni yotchedwa anti-D imene mayi wotere amabayidwa pasanathe maola 72 atabereka kapena atapita padera, kuti ateteze mimba zam'tsogolo. Palibe wolakwa apa. Si kuti bambo kapena mayi anayenda njira zina. Ndi mmene magazi analengedwera.

Chachiwiri ndi vuto lobadwa nalo lotchedwa G6PD, limene ndi lofala mu Africa muno, makamaka m'madera a malungo, ndipo limagwira kwambiri ana aamuna. Maselo ofiira a mwana wotere amasweka msanga akakumana ndi matenda, mankhwala ena, kapena fungo la timibulu toyera tija timene anthu amaika m'sutikesi kuti njenjete ndi mphemvu zisadye zovala. Ambiri amasunga zovala za mwana wodzabadwa m'sutikesi yokhala ndi timibulu timeneti kwa miyezi. Chonde tichotseni, zovalazo muzichape n'kuziyanika musanamuveke mwana.

Chachitatu ndi tizilombo tolowa m'magazi, kawirikawiri kudzera pamchombo. N'chifukwa chake timakana kuthira phulusa, dothi, mafuta kapena zitsamba pamchombo. Chindoko chimene mayi sanalandire mankhwala ake ali woyembekezera chimachititsanso chikasu. Pali zinanso: chotupa cha magazi pamutu mwana akabadwa movutikira, kubadwa masiku asanakwane, ndi kusayamwa mokwanira.

Apongozi anga akuti mkaka wanga ndi umene wamupatsa chikasu. Ndisiye kuyamwitsa?

Musasiye, amayi. Nthawi zambiri vuto limakhala kuchepa kwa mkaka umene mwana akulandira, osati mkakawo. Chimbudzi choyamba cha khanda, chakuda chonanda ngati phula chija, chimakhala chodzaza bilirubin. Chikachedwa kutuluka, utoto uja umabwereranso m'magazi. Chimene chimachikankha kuti chituluke ndi mkaka woyamba uja wachikasu, umene ena amafinyira pansi poganiza kuti ndi woipa. Mtundu wakewo sugwirizana ndi chikasu cha mwana ngakhale pang'ono.

Yamwitsani ka 8 mpaka ka 12 pa maola 24, usiku womwe. Akagona maola atatu osadzuka, mudzutseni: muvuleni chipewa, mugwireni kuphazi. Ngati sakugwira bere bwino, finyirani mkaka m'kapu yoyera n'kumumwetsa pang'onopang'ono, ndipo pemphani anamwino akuonetseni kagwiritsidwe ka bere. Mwana woyamwa mokwanira, pofika tsiku lachisanu amanyowetsa matewera 6 kapena kuposa patsiku.

Madzi, madzi a shuga, tiyi kapena zitsamba sizitsuka chikasu. Zimangodzaza kamimba, mwana n'kuchepetsa kuyamwa, chikasu n'kukwera.

Alipo ana ena oyamwa bwino, onenepa bwino, amene chikasu chochepa chimawakhalitsa mpaka masabata angapo, ena kufika masabata 12, chifukwa cha mmene thupi lawo limalandirira mkaka wa m'mawere. Chimenecho sichivulaza. Koma amene anganene kuti ndi chimenecho ndi dokotala, atayeza magazi ndi kuona chimbudzi.

Kumuika padzuwa kumathandiza?

Maganizo amenewa ali ndi pochokera. Mu 1956, pa chipatala cha Rochford ku England, namwino wina dzina lake Sister Jean Ward ankakonda kutulutsa ana obadwa masiku asanakwane panja kuti akawombedwe mpweya. Anaona kuti khungu limene laombedwa ndi dzuwa lazilala chikasu, pamene mbali yophimbidwa ndi nsalu yakhalabe yachikasu. Madokotala a pamenepo anafufuza, ndipo mu 1958 analengeza kuti kuwala kumachepetsa bilirubin. Nyali zimene tikugwiritsa ntchito lero zinachokera pa maso a namwino ameneyo.

Koma dzuwa lathu lino limawotcha khungu la khanda, limamutenthetsa thupi ndi kumuumitsa madzi, ndipo m'mawa wa mu June mwana wovulidwa amazizidwa msanga. Kuwala kwa mphindi 15 sikungatsitse bilirubin wokwera. Ku Lagos, m'dziko la Nigeria, kafukufuku amene anatuluka mu 2015 anaonetsa kuti dzuwa lingathandize ana a chikasu chocheperako, koma kumeneko ana ankagonekedwa pansi pa denga la pulasitiki yapadera yosefa cheza choipa, anamwino akuyeza kutentha kwa thupi pafupipafupi ndi kuyeza magazi. Zimenezo n'zosiyana ndi kuyala chitenje pakhonde. Choopsa chachikulu n'chakuti banja limataya masiku atatu likudikira dzuwa, pamene masiku amenewo ndi amene akanapulumutsa ubongo wa mwana.

Tikafika kuchipatala adzachita chiyani?

Adzakufunsani tsiku ndi ola limene mwana anabadwa, choncho tengani buku lanu la kusikelo ndi la mwana. Ola n'lofunika kwambiri. Bilirubin wokwana 12 mg/dL (muyezo wa kuchuluka kwake m'magazi) tsiku loyamba ndi ngozi, pamene 12 yemweyo tsiku lachisanu mwa mwana wathanzi wobadwa masiku atakwana timangomuyang'anira. Adzafunsanso ngati mwana wanu wina anachitapo chikasu, gulu la magazi anu, ndi mmene mwana akuyamwira.

Kenako adzamuyeza. Kwina ali ndi kachipangizo kogunditsa pamphumi kapena pachifuwa, kwina amatenga kadontho ka magazi pachidendene. Kachipangizo kena kogwira m'manja kotchedwa BiliSpec, kamene kamayeza bilirubin ndi dontho limodzi la magazi m'mphindi zochepa, kanapangidwa ndi akatswiri a ku Rice University ku America ndipo kanayesedwa koyamba pa ana a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Zotsatira zake zinatuluka mu 2017. Kumene kulibe choyezera, dokotala amayamba thandizo potengera msinkhu wa mwana ndi pamene chikasu chafika, osadikira.

Akakayikira tizilombo m'magazi, mwana amayamba kubayidwa mankhwala monga penicillin kapena ampicillin pamodzi ndi gentamicin. Amayezanso kuchuluka kwa magazi, shuga, ndi chindoko.

Magetsi a buluu aja sawotcha? Nanga amamangiranji mwana m'maso?

Sawotcha. Thandizo limeneli, limene achipatala amati phototherapy, ndi kuwala chabe kwa mtundu wa buluu. Kukagunda khungu kumasintha kapangidwe ka bilirubin kuti athe kutuluka ndi mkodzo ndi chimbudzi popanda kudikira chiwindi. Mwana amagona wamaliseche, atangovala thewera laling'ono, kuti kuwala kufike paliponse. Kansalu ka m'maso ndi kotchinga kuwala kuti kusavulaze maso. Si chizindikiro choti maso adwala.

Ndimadziwa mmene mtima wa mayi umachitira. Mwana wako ali mbulanda, wamangidwa kumaso, akulira, ndipo iwe wakhala pampando pambali pake mabere akuwawa. Usiku anamwino akatembenuka, amayi ambiri amamufunditsa kansalu pomumvera chisoni. Ndikupemphani, musatero. Khungu lophimbidwa silikulandira thandizo. Mukaona kuti wazizidwa, itanani anamwino amuyeze. Pa maola awiri kapena atatu aliwonse mutulutseni, muchotseni kansalu ka m'maso, muyamwitseni mukuyang'anana naye, kenako mubwezereni msanga. Musamudzoze mafuta. Chimbudzi chikhoza kukhala chamadzimadzi chobiriwira, ndipo timatuza ting'onoting'ono tikhoza kutuluka pakhungu, zimatha zokha.

Ana ambiri amakhala pa nyali tsiku limodzi mpaka masiku atatu. Khungu limayera msanga kuposa magazi, choncho musaumirire kutuluka chifukwa mwana akuoneka bwino. Dikirani ayezenso.

Akuti amusintha magazi. Zikutanthauza chiyani?

Zimachitika bilirubin akakwera kwambiri moti nyali sizingamutsitse msanga, kapena mwana akayamba kuonetsa zizindikiro za muubongo. Dokotala amalowetsa kachubu mumtsempha wa pamchombo, n'kumachotsa magazi pang'ono, kulowetsa ena atsopano pang'ono, mobwerezabwereza, mpaka magazi ambiri a mwana atasinthidwa. Magazi olowawo amakhala oyezedwa ndi ogwirizana naye. Ntchitoyi ili ndi zoopsa zake ndipo imachitika m'zipatala zikuluzikulu zokha, koma pamene yafunika, kuikana n'koopsa kuposa kuivomera. Mwana amakhalabe wanu yemweyo. Magazi sasintha mtundu kapena khalidwe la munthu.

Mwana wakwana mwezi, chikasu sichikutha, koma akuyamwa bwino. Tidikirebe?

Musadikire. Tsegulani thewera muyang'ane chimbudzi powala. Cha mwana woyamwa chimayenera kukhala chachikasu chowala kapena chobiriwira. Chikakhala chotuwa, ngati phulusa kapena phala la ufa woyera, ndiye kuti ndulu sikufika m'matumbo. Yang'ananinso mkodzo: wa khanda umakhala ngati madzi, ndipo ukamasiya banga lachikasu chakuda pathewera, pali vuto.

Matenda amene timawaopa apa ndi otchedwa biliary atresia, pamene timipaipi ta ndulu timatsekeka mwana akangobadwa. Ndulu imadzikundikira m'chiwindi n'kumachiwononga mwakachetechete, mwana akuoneka wosangalala. Nyali za buluu sizithandiza chikasu cha mtundu umenewu. Chofunika ndi opaleshoni yolumikiza chiwindi ndi matumbo, imene anaiyambitsa ndi dokotala wa ku Japan, Morio Kasai, m'zaka za m'ma 1950. Imayenda bwino ikachitika mwana asanakwanitse masiku 60. Ikachedwa, chiwindi chimakhala chitauma kale. Ku Taiwan ndi ku Japan makolo amapatsidwa kakhadi kojambulidwa mitundu ya chimbudzi kuti azifananiza kunyumba. Ife tilibe kakhadiko m'manja, koma foni tili nayo: jambulani thewera, kapena litengeni m'jumbo mukaonetse dokotala. Musachite manyazi. Ndipo mukapita kusikelo ya masabata 6, nenani nokha za chikasucho, musadikire kuti akufunseni.

Chikasu chokhalitsa chimabweranso chifukwa cha tizilombo m'njira ya mkodzo, chithokomiro (kachiwalo ka pakhosi) chosagwira bwino ntchito, ndi matenda ena a chiwindi obadwa nawo.

Nanga mwana wamkulu, wa zaka zitatu kapena khumi, maso akachita chikasu?

Mwana akapitirira ukhanda palibenso chikasu "chachibadwa". Chilichonse chili ndi matenda kumbuyo kwake, ndipo ayenera kuonedwa tsiku lomwelo.

Kwathu kuno choyamba kuyeza ndi malungo. Tizilombo ta malungo timakhala m'maselo ofiira n'kumawaswa. Mwana wa malungo amene maso achita chikasu, zikhatho zayera, kapena mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka, ali ndi malungo aakulu. Ameneyo si wa LA wa kunyumba. Amagonekedwa, n'kubayidwa artesunate, kenako n'kumalizira ndi LA, ndipo magazi akachepa kwambiri amawonjezeredwa. Ana ena magazi amachepanso patapita sabata imodzi mpaka atatu atachira, choncho akayamba kufooka kapena kuyera, bwererani naye.

Chachiwiri ndi sickle cell, matenda otengera kwa makolo onse awiri. Mwana wotere maso ake amakhala achikasu pang'ono nthawi zambiri, magazi amachepachepa, ndipo kuyambira miyezi 6 manja ndi mapazi zimatupa n'kumapweteka. Ngati mwana wawonjezeredwa magazi kawiri kapena katatu ndipo nthawi zonse mumauzidwa kuti ndi malungo, pemphani amuyeze sickle cell. Akapezeka nayo pali thandizo: folic acid, penicillin woteteza, mankhwala oteteza malungo, ndi hydroxyurea kumene akupezeka. Taifodi nayonso imatha kugwira chiwindi. Katemera wake anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2023.

Zizindikiro zoti chiwindi chikulephera ndi izi: mwana kusokonezeka mutu, kugona masana osadzuka, kusanza kosalekeza, kutuluka magazi m'mphuno kapena m'nkhama, ndi kutupa mimba. Pamenepo ndi kuthamanga, ngakhale pakati pa usiku.

Kodi chikasu n'chopatsirana?

Cha makanda ambiri sichipatsirana, cha sickle cell ndi cha malungo chimodzimodzi. Chopatsirana ndi chimene chimabwera ndi tizilombo totupitsa chiwindi, matenda a hepatitis.

Hepatitis A imafala kudzera m'madzi ndi chakudya chodetsedwa ndi chimbudzi. Mwana amayamba ndi kutentha thupi, kukana chakudya, nseru ndi kupweteka m'mimba chakumanja, kenako mkodzo umada, maso n'kuchita chikasu. Ana osakwana zaka 6 ambiri amadwala osaonetsa chikasu n'komwe, koma amapatsira anzawo. Ilibe mankhwala akeake. Thupi limalimbana nayo lokha m'masabata angapo, ndipo sibweranso. Pakhomo samalani kusamba m'manja ndi sopo, kuthira mankhwala m'madzi akumwa kapena kuwawiritsa, ndi kutaya chimbudzi cha ana m'chimbudzi.

Hepatitis B ndi yamtundu wina. Imadutsa m'magazi, ndipo mayi akhoza kupatsira mwana pobereka. Mwa makanda 10 otenga kachilomboka nthawi imeneyo, pafupifupi 9 amakhala nako moyo wonse, osaonetsa kanthu ali ana, mpaka chiwindi chidzaume kapena kugwidwa khansa atakula. Katemera wake ali m'gulu la katemera wa matenda asanu amene ana a m'Malawi akhala akulandira kuyambira mu 2002, pa masabata 6, 10 ndi 14. WHO imalimbikitsanso kuti mwana alandire katemera wa hepatitis B pasanathe maola 24 atabadwa. Mayi woyembekezera afunse kusikelo za kuyezedwa matendawa.

Mankhwala angayambitse chikasu?

Inde. Panado woposa muyezo amawononga chiwindi, ndipo zimachitika mosavuta: mayi wapereka wa madzi, agogo apereka wa mapiritsi, kenako wina wagula mankhwala a chimfine amene alinso ndi Panado mkati. Muyezo umatengera kulemera kwa mwana, ndipo usapitirire kanayi patsiku. Mankhwala a TB, ma ARV ena monga nevirapine, ndi mankhwala ena a khunyu amathanso kutupitsa chiwindi. Mwana amene akumwa mankhwala oterewa maso akasintha, pitani naye tsiku lomwelo pamodzi ndi mabotolo ake onse kuti dokotala aone choti asiye ndi choti asinthe. Dziwani kuti mankhwala a TB otchedwa rifampicin amafiiritsa mkodzo ndi misozi. Chimenecho chokha si chikasu, yang'anani poyera pa diso.

Zitsamba nazo zimadutsa m'chiwindi momwemo, ndipo muyezo wake sudziwika. Ngati mwamumwetsa mwana, tiuzeni mosabisa. Sitikufunsa kuti tikukalipireni.

Palinso chuku cha pa chimanga ndi mtedza zosauma bwino, chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Mu 2004 kum'mawa kwa Kenya anthu 317 anadwala chikasu atadya chimanga chotere, ndipo 125 anamwalira, ambiri mwa odwalawo anali ana. Mtedza wofufuma, wakuda kapena wowawa, umene timausankha n'kuupatula pogulitsa, usasinjidwe kukhala nsinjiro za phala la mwana.

Zikhatho za mwana wanga ndi zachikasu koma maso ndi oyera. Ndi chikasu?

Ngati ndi mwana wodya kale, wathanzi, ndipo ndi nyengo ya mango, mapapaya, maungu kapena mbatata yofiira mkati, kawirikawiri ndi utoto wa zakudyazo. Umaonekera m'zikhatho, m'mapazi ndi pamphuno, koma sufika m'maso, ndipo suvulaza. Kwa khanda lamasiku ochepa yankho limeneli silikugwira ntchito.

Nzimbe ndi madzi a shuga zimachiza chikasu cha mwana wamkulu?

Sizichiza. Mwana wodwala chiwindi amakana chakudya ndipo shuga wa m'thupi amatha kutsika, choncho nzimbe, phala lothira shuga, nthochi kapena thobwa zimamupatsa mphamvu, ndipo palibe choletsa. Anthu amaona ngati nzimbe zachiza chifukwa hepatitis A imatha yokha. Koma ngati chikasucho ndi cha malungo aakulu, mwana akhoza kutisiya nzimbe ili m'manja. Ayezedwe kaye. Pambuyo pake adye chilichonse chimene mtima wake ukufuna, pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Palibe chifukwa chomumana mazira, nyemba kapena usipa.

Mwana wathu woyamba anagona pa nyali. Wotsatira zidzachitikanso?

Mpata ulipo wokulirapo, makamaka ngati chinayambitsa ndi gulu la magazi kapena G6PD. Nenani zimenezi kusikelo ya amayi oyembekezera ulendo woyamba, ndipo pemphani kuti gulu la magazi anu lilembedwe m'buku. Berekerani kuchipatala chimene chili ndi nyali, ndipo musanatuluke uzani anamwino kuti mkulu wake anachita chikasu, amuyang'ane powala. Bwererani naye tsiku lachitatu ngakhale akuoneka bwino, kenakonso pakati pa tsiku la 7 ndi la 14.

Kwa mwana amene chikasu chake chinakwera kwambiri kapena anasinthidwa magazi, pemphani kuti makutu ake ayezedwe m'miyezi yoyambirira, ndipo muziona ngati akudzidzimuka chitseko chikamenyetseka, akuimika khosi pofika miyezi 4, ndi kukhala pansi pofika miyezi 9. Mukaona kuti akuchedwa kapena thupi likuuma, funsani za mafizo msanga, chifukwa ana oyamba mafizo ali aang'ono amaphunzira kukhala, kudya ndi kugwira zinthu bwino kuposa oyamba mochedwa.